PHUNZIRO 17: KHOSWE AMAPHUNZIRA NDI MIMBA

Tiyeni tiwerenge mau awa pamodzi, mokweza: bwe-mba. Bwemba.

Tsopano aliyense amvetsere m'kamwa mwake. Ambiri a ife malovu abwera. Chonsecho palibe amene wanyamula bwemba pano. Taona zilembo chabe papepala. Khanda limene silinalawepo bwemba, ngakhale tiliuze mau amenewa kakhumi, m'kamwa mwake simuchitika kanthu. Ife tinalawa kale, ndipo thupi linasunga. Sitinachite kuliuza kuti lisunge. Sitingathenso kuliletsa.

Kuphunzira kwina timachita dala, monga tikuchitira pano ndi cholembera m'manja. Kuphunzira kwina thupi limachita lokha. Ng'ombe zathu zimaphunzira chomwecho. Nawonso makoswe amene akutha chimanga m'nkhokwe zathu kuno ku Mualadzi amaphunzira chomwecho. Nkhaniyi si yocheza ai. Chimanga chimene timakolola mu Meyi chiyenera kutifikitsa mu Febuluwale, ndipo khoswe akatiposa nzeru, ana amagona ndi njala.

Agalu a Pavlov

Ku Russia kunali dokotala wina dzina lake Ivan Pavlov. Anabadwa mu 1849, namwalira mu 1936. Ntchito yake inali kufufuza mmene chakudya chimagayikira m'mimba, ndipo mu 1904 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Iye ankasunga agalu. Pa tsaya la galu ankaika kapaipi kakang'ono kuti aziwerenga madontho a malovu.

Galu akaikidwa nyama m'kamwa, malovu amatuluka. Izi n'zobadwa nazo. Koma Pavlov ndi anzake anaona chinthu china. Malovu ankayamba kudontha nyama isanafike, galu akangomva mapazi a munthu amene ankamudyetsa. Tsono anayesa dala. Ankaliza kachitsulo kogogoda ngati wotchi, kenaka n'kupereka nyama. Kugogoda, nyama. Kugogoda, nyama. Atabwereza kangapo, kugogoda kokha kunayamba kutulutsa malovu.

Amayi athu mukuzidziwa izi. Mukangogwira lichero, nkhuku zonse za pamudzi zimathamangira kwa inu musanapete n'komwe.

Pavlov anaonanso zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzisunga. Chizindikiro chiyenera kutsogola, chakudya chibwere pambuyo pake mosachedwa. Chachiwiri ndi ichi: galu wokhuta saphunzira bwino. Ngakhale galu amene anaphunzira kale, akakhuta, kugogoda kuja kumatulutsa malovu ochepa kapena osatulutsa n'komwe. Phokoso ndi lomwe lija, khutu ndi lomwe lija, koma m'mimba mwasintha. Zimene zili m'kati mwa thupi ndizo zimatsegula kapena kutseka njira ya phunziro.

Nzeru imeneyi inagwira ntchito m'dziko lathu lino la Mozambique. Nkhondo zitatha, m'nthaka munatsala mabomba okwirira ambiri. Bungwe lotchedwa APOPO linaphunzitsa abwampini ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kuti azinunkhiza mabombawo. Inde, bwampini yemwe timamudziwayu. Phunziro lake loyamba ndi la Pavlov ndithu: kachitsulo kamalira kuti "tya", iye n'kulandira nthochi kapena mtedza. Akadziwa kuti "tya" ndiye chakudya, amamuphunzitsa kuti "tya" amabwera akapeza fungo la bomba. Bwampini ndi wopepuka, saphulitsa bomba akaliponda. Abwampini amenewa anagwira ntchito ku Gaza ndi m'zigawo zina pamodzi ndi magulu ena ochotsa mabomba, ndipo mu 2015 boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba imene inkadziwika yayeretsedwa.

Mimba ili ndi phunziro lake, khungu lili ndi lake

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti chizindikiro chilichonse chingalumikizidwe ndi chinthu chilichonse, bola ziwirizo zitsatane msanga. Munthu wina wa ku America, John Garcia, anaonetsa kuti si choncho. Mu 1955 anapeza kuti makoswe amene anamwa madzi otsekemera n'kudwala pambuyo pake, ankawakana madziwo. Mu 1966 iye ndi mnzake Robert Koelling anachita chinthu chimene tiyenera kuchiwerenga pang'onopang'ono.

Anapatsa makoswe madzi otsekemera. Khoswe akanyambita, nyale inkawala ndipo kachitsulo kankalira. Ndiye kuti panali zizindikiro za mitundu iwiri nthawi imodzi: kukoma kwa pa lilime, ndi kuwala kokhala ndi phokoso. Atamwa, makoswe ena anawadwalitsa m'mimba. Ena anawagwiritsa magetsi ku mapazi, kuti amve kuwawa pakhungu.

Patsiku loyesa anasiyanitsa zizindikirozo. Makoswe amene anadwala m'mimba anakana madzi otsekemera, koma madzi wamba okhala ndi nyale ndi phokoso anamwa bwinobwino. Makoswe amene anamva kuwawa ku mapazi anachita zosiyana. Madzi otsekemera anamwa osaopa, koma nyale ikawala ndi phokoso lija, ankaleka kumwa.

Tamva kodi? Mimba ikadwala, thupi limaimba mlandu chimene lilime linalawa. Khungu likapweteka, thupi limaimba mlandu chimene maso anaona ndi chimene makutu anamva. Ndipo phunziro la m'mimba lili ndi mphamvu yodabwitsa. Silifuna kubwereza ai, kamodzi kokha n'kokwanira. Silifunanso kuti zinthu zitsatane msanga. Khoswe angadye madzulo n'kudwala patapita maola angapo, komabe adzadziwa chakudya chimene chamudwalitsa. Poyamba akatswiri ambiri anakana kukhulupirira. Koma ena atayesanso, anapeza zomwezo.

Tikaganiza bwino, n'zomveka. Chakudya choipa sichipweteka nthawi yomweyo, chimayamba chafika m'mimba. Nyama imene thupi lake silitha kukumbukira zimene inadya maola apitawo, ikadatha kalekale.

Chifukwa chake nyambo yathu imakanidwa

Khoswe satha kusanza. Chimene wameza chimakhala m'kati basi. N'chifukwa chake ndi wochenjera pa kudya. Akapeza chakudya chachilendo, sadya n'kukhuta. Amayamba wachizungulira, mwina masiku awiri kapena atatu. Kenaka amalawa pang'ono, n'kupita kukadikira. M'mimba mukakhala bwino, amabwera kudzadya zambiri. M'mimba mukapota, sabweranso.

Tsono taonani zimene ambiri amachita. Munthu wagula mankhwala amphamvu opha msanga. Wasakaniza ndi usipa kapena nsima, waika pansi pa nkhokwe. M'mawa wapeza makoswe atatu atafa, wasangalala. Usiku wachiwiri wafa mmodzi. Usiku wachitatu nyambo ili chikhalire, koma chimanga chikupitirira kudyedwa. Pamenepo timamva anthu akunena kuti mankhwala asukuluka, kapena wogulitsa anatinyenga. Ena amafika ponena kuti makoswe amenewa ndi otumidwa ndi munthu. Abale athu, tisadane pachabe. Makoswe amene anafa ndi aja osusuka. Otsalawo analawa pang'ono, anadwala, anachira, ndipo anaphunzira. Phunziro limeneli amalisunga miyezi. Mankhwala aja sanathe makoswe, angowatsegulira sukulu.

Nanga tichite chiyani? Yankho lili m'thupi la khoswe momwemo. Mimba imaimba mlandu chakudya chachilendo. Chakudya chozolowereka sichiimbidwa mlandu msanga, ndipo amachidya mosaopa. Ndiye tiyambe tamuzoloweza.

Tisankhe nyambo imodzi, monga gaga wosakaniza ndi nsinjiro pang'ono. Tiike m'malo amene makoswe amadutsa, m'mbali mwa khoma ndi pafupi ndi una, koma yopanda mankhwala. M'mawa uliwonse tione ngati yadyedwa, tionjezere. Tichite chomwecho usiku utatu, unai kapena usanu, mpaka nyambo izitha yonse usiku uliwonse. Ena adzati tikuweta makoswe. Asiyeni aseke. Pa usiku wotsatira ndi pamene tiike mankhwala, m'nyambo yomweyo, pamalo omwewo, m'chotengera chomwecho. Khoswe adzabwera ngati kwao, adzadya mokwanira, ndipo sadzakhala ndi mpata wophunzira. M'mawa tichotse nyambo yotsala ndi kuikwirira. Tisaisiye kuti igone masiku, chifukwa tikatero tikuphunzitsa amene apulumuka. Mankhwala opha msanga, monga ufa wakuda wonunkha ngati adyo wotchedwa zinc phosphide, sabwerezedwa pafupipafupi. Papite miyezi, ndipo pobwerezapo tisinthe nyambo. Ngati poyamba unali gaga, ulendo wina ukhale mpunga kapena mapira.

Pali mankhwala a mtundu wina opha pang'onopang'ono. Mbiri yake inayambira ku ng'ombe. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za ku America ndi ku Canada zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wina wosungidwa umene unachita nkhungu. Akatswiri a ku Wisconsin, motsogozedwa ndi Karl Paul Link, anapeza chimene chinali m'udzumo, ndipo mu 1948 anatulutsa mankhwala a makoswe otchedwa warfarin. Mankhwalawa amaletsa magazi kuundana. Khoswe akadya lero, samva kanthu. Mawa amadyanso, mkuja amadyanso. Akamayamba kufooka, papita masiku, ndipo mimba ilibe choti ichiimbe mlandu. Amafa patapita masiku angapo, mwina sabata, kawirikawiri ali mu una mwake. Munthu wosadziwa amati mankhwalawa ndi abodza chifukwa sanaone mtembo m'mawa. Si abodza ai. Lamulo lake ndi losiyana ndi loyamba lija: nyambo isathe pamalopo, tizionjezera tsiku ndi tsiku mpaka italeka kudyedwa.

Msampha nawo uli ndi phunziro lake, koma ndi la khungu. Khoswe amene msampha wamuphonya n'kumumenya mchira, sadana ndi mtedza umene unali pamenepo. Amadana ndi chinthu chimene anachiona ndi malo amene chinali. Choncho misampha yatsopano tiyambe taiika ndi nyambo koma osaitchera, usiku uwiri kapena utatu. Kenaka titchere yonse tsiku limodzi. Tikumbukire kusiyana kwake. Mankhwala akakanidwa, tisinthe chakudya. Msampha ukakanidwa, tisinthe malo ndi mtundu wa msampha. Amene ali ndi msampha wachitsulo abwereke diwa, amene ali ndi diwa abwereke wachitsulo.

Ntchito imeneyi ndi ya koperativa yonse. Khoswe sadziwa malire a nyumba. Banja limodzi likaika mankhwala lero, lina sabata yamawa, lina mwezi wamawa, mudzi wonse umadzaza makoswe ophunzira. Tipangane tsiku limodzi loyamba kuzoloweza ndi tsiku limodzi loika mankhwala. Mlangizi wa zaulimi akhalepo kuti atiuze muyeso wake. Ndipo mlembi alembe m'buku tsiku, dzina la mankhwala ndi nyambo imene tagwiritsa ntchito. Pakatha miyezi 6 ife tidzakhala titaiwala kuti tinaika gaga kapena mpunga, koma khoswe adzakhala akukumbukira.

Chenjezo lalikulu

Apa tiwerenge kawiri. Mankhwala opha khoswe amaphanso munthu, nkhuku, galu ndi mbuzi. Nyambo isakhale poyera. Tiike m'kati mwa nsungwi yoboola, m'chitini chogoneka kapena pansi pa phale, pamene khoswe yekha angalowe. Isakhudzane ndi chimanga chodya. Tisasakanize ndi manja, tigwiritse ntchito kamtengo, ndipo tikatha tisambe ndi sopo. Mankhwala a m'timapepala topanda dzina, ogulitsidwa pamsika, ife sitikuwavomereza. Sitidziwa chimene chili m'katimo, ndipo munthu akamwa mwangozi, a chipatala amavutika kudziwa chomuthandizira. Ngozi ikachitika, tithamangire ku chipatala nthawi yomweyo, titatenga pepala la mankhwalawo.

Kuno kwathu mbewa ndi ndiwo. Anyamata athu amakumba mbewa chilimwe chonse. Mbewa imene yadya mankhwala opha pang'onopang'ono imayenda masiku angapo ikuoneka yamoyo, mankhwala ali m'thupi mwake, ndipo kuwamba pamoto sikuwachotsa. Tikaika mankhwala, tilengeze mudzi wonse kuti mbewa za pafupi ndi nyumba, nkhokwe ndi munda umenewo zisadyedwe. Makoswe akufa tiwatole ndi khasu, tiwakwirire mozama, kuti mphaka ndi kadzidzi asawadye. Tikudziwa zimene anthu amanena za kadzidzi. Ife tingonena chimodzi: ndiwo zake ndi makoswe ndi mbewa, ndipo salipiritsa.

Chifukwa cha ngozi zimenezi, mankhwala akhale omaliza. Poyamba tikweze nkhokwe pa miyendo itali, tiveke mwendo uliwonse chitini chozondotsa ngati chipewa, tilambule udzu kuzungulira, ndipo tidule nthambi zimene zafika padenga. Khoswe amene ali ndi chimanga chambiri pafupi sayang'ana nyambo. Ali ngati galu wokhuta uja wa Pavlov.

Ng'ombe imene "imabisa" mkaka

Tsopano tipite ku khola. Ambiri timanena kuti ng'ombe yakuti ndi yamwano, imabisa mkaka. Ng'ombe siibisa dala. Mkaka wambiri umakhala m'timatumba ting'onoting'ono m'kati mwa bere. Thole likayamwa, uthenga umapita ku bongo. Pansi pa bongo pamatuluka timadzi totchedwa okisitosini. Timadziti timayenda ndi magazi kufika ku bere, n'kufinya timatumba tija, ndipo mkaka umatsika. Izi zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Mphamvu yake siikhalitsa, imatha patapita mphindi zochepa. N'chifukwa chake wokama sayenera kucheza mkaka ukatsika.

Ng'ombe zathu za linunda, zonga za ku Angonia, zambiri zimafuna kuona thole lao kuti mkaka utsike. Koma thupi limaphunziranso zizindikiro zina. Ng'ombe ikamakamidwa nthawi imodzimodzi, pamalo amodzi, ndi munthu yemweyo, ikumva kulira kwa ndowa yomweyo, zinthu zimenezi zimayamba kuthandiza kuitana mkaka. Amayi oyamwitsa akudziwa kuti nthawi zina mwana akangolira, mkaka umayamba kutuluka asanamunyamule.

Mantha ali ndi timadzi tao, totchedwa adirenalini. Timeneti tikalowa m'magazi, mitsempha ya ku bere imapanikizika ndipo mkaka sutsika. Ndiye ng'ombe ikachedwa kutsitsa mkaka, wokama n'kuimenya, waonjezera vuto. Mawa ikangoona munthuyo ndi malowo, mantha amabwera okha. Galu wouwa pa khola ndi ana ochita phokoso amachitanso zomwezo.

N'chimodzimodzi ndi ng'ombe zapagoli. Ng'ombe yaing'ono ikamenyedwa tsiku loyamba kuona goli, imaphunzira kuti goli ndiye chikwapu, ndipo idzathawa ikangoliona. Ndi bwino kuti iyambe yaliona ndi kulinunkhiza ikudya madeya pang'ono ndi kamchere, isanapite ku dambo kukakhuta. Tizindikirenso ichi. Mbuzi imene tayimenya chifukwa yalowa m'munda siidana ndi chimanga. Kuwawa kwa pakhungu sikufika pa lilime. Yaphunzira kuopa ife, ndipo idzalowa tikachoka. Mankhwala ake ndi mpanda ndi mbusa.

Nafenso anthu

Alipo pakati pathu amene sadya chakudya china chake chifukwa tsiku lina anadya n'kusanza. Mwina chimene chinawadwalitsa anali malungo, osati chakudyacho. Mutu ukudziwa, koma akangomva fungo lake, nseru imabwera. Mu 1978, Ilene Bernstein wa ku America anaona zomwezi pa ana odwala khansa. Ana amene anapatsidwa chakudya chozizira chotsekemera cha kakomedwe kachilendo asanalandire mankhwala ochititsa nseru, ambiri anachikana pambuyo pake. Nanga bwanji sitidana ndi nsima, chonsecho tadwalapo kambirimbiri titadya nsima? Chifukwa taidya kuyambira ubwana tili bwino. Thupi limaikhulupirira, monga khoswe amakhulupirira gaga uja wozolowera.

Izi zitithandize posamala ana. Mwana akamadwala ndi kusanza, si nthawi yomuyambitsa chakudya chatsopano chimene tikufuna kuti adzachikonde. Timupatse zimene anazolowera, pang'onopang'ono, ndipo kuyamwa asaleke. Za likuni latsopano kapena dzira loyamba zidikire achire. Mankhwala owawa tisawathire m'mbale yonse ya phala, kuopa kuti angadane ndi phalalo. Tifunse a chipatala njira yabwino yomumwetsera.

Mau oti tilembe m'makope

nyambo, nseru, malovu, chizindikiro, kuzoloweza, msampha, goli

Ntchito

1. Banja lina linaika mankhwala mu usipa. Makoswe awiri anafa, otsala akukana. Kodi asinthe chiyani, malo kapena chakudya? Nanga ukanakhala msampha?

2. Gulu lina linaika nyambo yopanda mankhwala, masipuni 20 usiku uliwonse. Lolemba m'mawa anapeza patatsala masipuni 18. Lachiwiri panatsala 13. Lachitatu panatsala 5. Lachinai sipanatsale kanthu. Tiwerengere masipuni amene anadyedwa usiku uliwonse. Kodi mankhwala aikidwe tsiku liti?

3. Tikambirane m'magulu a anthu asanu: ndani adzauze anyamata okumba mbewa, ndipo adzawauza liti?

4. Sabata ino aliyense ajambule nkhokwe yake m'kope. Aike chizindikiro pamene waona ndowe za khoswe, una kapena njira yake. Tibwere nazo pa phunziro lotsatira, kuti tidzasankhe malo oika nyambo ndi kulemba tsiku loyambira.